Kapolo Akadziiwala Pamaso pa Allah, Watsala Ndani?

Kumapeto kwa mwezi wa Malichi m'chaka cha 922, khamu la anthu lidasonkhana pafupi ndi mtsinje wa Tigris mu mzinda wa Baghdad kudzaonerera kuphedwa kwa bambo wina wa zaka zoposa 60, dzina lake Husayn ibn Mansur al-Hallaj. Asilikali adamukwapula, adamudula manja ndi mapazi, adamupachika pamtengo, ndipo pomaliza adamudula mutu. Thupi lake adalitentha, phulusa n'kulimwaza mumtsinjemo.

Munthu ameneyu adaloweza Qur'an yonse akadali mnyamata, adachita Hajj katatu, ndipo ankadziwika ndi kuchulukitsa swala ndi kusala. Komabe mibadwo yotsatira idamukumbukira ndi chinthu chimodzi. Zimanenedwa kuti tsiku lina adadzitchula yekha ndi dzina lakuti al-Haqq, kutanthauza Choonadi, lomwe ndi limodzi mwa mayina abwino a Allah (Subhanahu wa Ta'ala).

Kuchokera nthawi imeneyo maulama akhala akufunsana kuti amene adalankhula mawuwo adali yani. Ngati adali Husayn, mwana wa mmisiri wokonza thonje, ndiye kuti adabwereza zomwe adanena Farao, ndipo umenewo ndi ukafiri woonekeratu. Ngati Husayn adali atadziiwala kotheratu pokumbukira Mbuye wake, nanga lilime lidagwedezedwa ndi yani, ndipo chilango chidagwera yani? Pansi pa funso limeneli pagona mafunso amene munthu aliyense angadzifunse. Kodi ine ndine maganizo anga? Maganizowo akakhala chete, chimatsala n'chiyani? Nanga chotsalacho chili paubale wotani ndi Mlengi? Mkangano wa mafunso amenewa udayenda zaka mazana ambiri, kuchokera ku Baghdad, kudzera ku Damascus ndi ku India, mpaka ku Aceh pachilumba cha Sumatra.

Kuwerengera mtima

Mbiriyi ikuyamba zaka zambiri al-Hallaj asadabadwe. Baghdad udali likulu la ufumu wa Abbasi, mzinda wa chuma, misika ndi maphunziro. Pakati pa ulemerero wonsewo padali anthu amene ankaopa kuti chipembedzo chayamba kukhala cha pakhungu chabe. Mmodzi mwa iwo adali al-Harith al-Muhasibi, wobadwira ku Basra, yemwe adamwalira ku Baghdad m'chaka cha 857. Dzina lakuti al-Muhasibi adapatsidwa chifukwa cha chizolowezi chake cha muhasaba, kudziwerengera, monga momwe wamalonda amawerengera katundu ndi ndalama dzuwa likalowa. M'buku lake lotchedwa al-Ri'aya li Huquq Allah adafotokoza mwatsatanetsatane mmene riyaa, kuchita zabwino pofuna kuti anthu aone, imalowera mu swala, mu sadaka, ngakhalenso m'misozi ya munthu wolapa.

Kuti munthu agwire riyaa isadakhwime, ayenera kuliona ganizo lililonse likamalowa kumene mumtima. Maganizo odutsa otere Masufi adawatcha khawatir. Olemba a pambuyo pake, monga al-Qushayri wa ku Nishapur amene adamwalira m'chaka cha 1072, adawagawa panayi malinga ndi kumene achokera: ena ndi ochokera kwa Allah, ena kwa mngelo, ena kwa nafsi, ndipo ena kwa Satana. Ganizo limafika losaitanidwa ngati mlendo wochita odi pakhomo. Mwini nyumba sadamuitane, koma ndi iye amene amasankha kumupatsa mpando kapena kumubweza. Izi zikugwirizana ndi Hadith yopezeka m'mabuku a Imam Bukhari ndi Imam Muslim, momwe Mtumiki Muhammad (Madalitso ndi Mtendere zikhale pa iye) adaphunzitsa kuti Allah amakhululukira anthu ake zonong'ona za mumtima malinga ngati sadazichite kapena kuzilankhula. Choncho munthu ndi maganizo ake n'zosiyana. Mwa iye muli china chimene chimawaona maganizowo akubwera ndi kupita, ndipo chimenechi Masufi adachitcha qalb, mtima wozindikira.

Apa padabuka vuto lina. Woona ujanso amanyada. Munthu akagonjetsa umbombo, liwu lina limamunong'oneza kuti, ine ndagonjetsa umbombo. Akasiya kudzitama, amayamba kukondwera kuti ndi wodzichepetsa. "Ine" ukamuthamangitsira kukhomo lakumaso amazungulira n'kulowera lakuseri. Qur'an yolemekezeka ikutiuza kuti Iblis adakana kugwadira Adam chifukwa chodziona wopambana, ndipo Farao adadzitcha mbuye wa anthu ake. Onse awiri adagwa ndi liwu lomwelo. Masufi a ku Baghdad adaona kuti munthu wovomereza umodzi wa Allah ndi pakamwa, pomwe mtima wake wadzaza ndi "ine", tauhid yake ikadali yoperewera.

Al-Junayd: kuzimirira ndi kubwerera

Amene adaikonza bwino nkhaniyi adali Abu al-Qasim al-Junayd, yemwe adamwalira m'chaka cha 910. Adali wogulitsa nsalu za silika, adaphunzira malamulo a Shariah kwa Abu Thawr, ndipo njira ya tasawwuf adaiphunzira kwa amalume ake, Sari al-Saqati, komanso kwa al-Muhasibi. Iye adaphunzitsa za fana, kuzimirira kwa kapolo, ndipo adati kumayenda pang'onopang'ono. Poyamba amazimirira makhalidwe oipa chifukwa cha khama la munthu polimbana ndi nafsi yake. Kenako kumazimirira kukoma kumene munthu amamva pa mapemphero ake, kotero kuti sapembedzanso pofuna kukomako. Pomaliza kumazimirira kudzizindikira kwenikweniko, moti wokumbukira Allah sadziwanso kuti iye ali pomwepo akukumbukira.

Pofuna kuti izi zimveke, Masufi ankakonda kupereka chitsanzo cha akazi a mu Surah Yusuf amene adadzicheka manja ndi mipeni ataona kukongola kwa Mneneri Yusuf (Mtendere ukhale pa iye). Mipeni idalipo, manja adalipo, magazi ankatuluka, koma iwo sadamve kanthu chifukwa kuzindikira kwawo konse kudali pa iye amene ankamuyang'anayo. Ngati cholengedwa chingamuiwalitse munthu thupi lake, kuli bwanji ulemerero wa Mlengi?

Al-Junayd adalumikiza fana ndi pangano lotchulidwa mu Surah al-A'raf, ndime 172, pamene ana a Adam adavomereza kuti Allah ndiye Mbuye wawo asadabadwe n'komwe. Nthawi imeneyo munthu adalibe dzina, mtundu, chuma kapena mbiri yoti adzitame nayo, ndipo kukhalapo kwake konse kudali m'manja mwa Mbuye wake. Kuzimirira, malinga ndi al-Junayd, ndi kulawa pang'ono chikhalidwe choyambacho. Koma iye adalimbikira kunena kuti ulendo suthera pamenepo. Pambuyo pa fana pamabwera baqa, kukhalabe, ndipo pambuyo pa sukr, kuledzera kwa mtima, pamabwera sahw, kutsitsimuka. Allah amamubwezera kapolo kwa iye mwini, kubanja lake, kumsika ndi kumzikiti, kuti akhale chitsanzo kwa anzake. Tauhid yeniyeni, m'chiphunzitso chake, ndi kusiyanitsa Iye amene alibe chiyambi ndi zonse zimene zili ndi chiyambi.

Ndi muyeso umenewu al-Junayd adayeza mawu a Abu Yazid al-Bistami, Msufi wa ku Persia wa m'badwo wa patsogolo pake, amene ankadziwika ndi mawu odabwitsa olankhulidwa mtima utaledzera. Ndemanga zake zidasungidwa m'buku la Kitab al-Luma' la al-Sarraj, yemwe adamwalira m'chaka cha 988. Al-Junayd sadamutche al-Bistami kafiri. Adamuona ngati munthu amene adamizidwa panjira, asadafike kumapeto kwake.

Iye mwini ankalemba makalata ake m'mawu ovuta mwadala, ndipo zozama ankaziphunzitsa kwa ophunzira ochepa. Padali chifukwa. Cha m'ma 877 mlaliki wina wotchedwa Ghulam Khalil adanenera Masufi ambiri kwa akuluakulu a boma kuti ndi opotoza chipembedzo. Zimanenedwa kuti Abu al-Husayn al-Nuri adadzipereka kuti aphedwe poyamba kuti anzake akhaleko ndi moyo kamphindi kena, ndipo woweruza atawafunsa mafunso adawamasula. Al-Junayd adapulumuka chifukwa ankadziwika ngati katswiri wa malamulo.

Mlandu wa al-Hallaj

Al-Hallaj adabadwa cha m'ma 858 m'dera la Fars, adakulira ku Wasit, ndipo adaphunzira kwa Sahl al-Tustari ndi kwa Amr al-Makki. Zimene ena ankanong'onezana m'chipinda iye adazitulutsira pabwalo. Adayenda mpaka ku India ndi kumayiko a Aturuki akulalikira, ndipo atabwerera ku Baghdad ankalankhula m'misika za chikondi chimene chimafafaniza malire pakati pa wokonda ndi Wokondedwa. Katswiri wa malamulo Muhammad ibn Dawud adamutsutsa poyera. Katswiri wina wa mazhabu a Shafi'i, Ibn Surayj, adakana kupereka chigamulo, ponena kuti zochitika za mkati mwa mtima zotere sizili m'manja mwa bwalo la milandu.

Adamangidwa m'chaka cha 913 ndipo adakhala m'ndende zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Adali ndi abwenzi kunyumba ya Khalifa al-Muqtadir, kuphatikizapo mayi ake a Khalifayo, koma nduna yaikulu, Hamid ibn al-Abbas, idatsimikiza mtima kumuchotsa. Chodabwitsa n'chakuti chigamulo cha imfa sichidatsamire pa mawu otchuka aja. Chidatsamira pa cholembedwa china chimene adachipeza m'mapepala ake, chonena kuti munthu wolephera kupita ku Makka angamange kachipinda koyera kunyumba kwake, n'kukazungulira monga amachitira pa Ka'aba, kudyetsa ndi kuveka ana amasiye, ndipo zimenezo zingalowe m'malo mwa Hajj. Woweruza wa mazhabu a Maliki, Abu Umar, adagamula kuti magazi ake ndi ololedwa. Nthawiyo boma linkaopa kwambiri gulu loukira la Qarmati, lomwe m'chaka cha 930 lidaukira Makka n'kuba Mwala Wakuda, ndipo chilichonse chokhudza kupeputsa Hajj chinkamveka ngati kugalukira. Ibn Ata, Msufi amene adayankhula poyera momuikira kumbuyo, adamenyedwa ndi alonda a nduna ija mpaka kufa.

Pali nthano yofala yakuti al-Junayd adasainira nawo chigamulocho. Masiku ake akukana, pakuti al-Junayd adali atamwalira zaka 12 m'mbuyomo. Koma nthanoyo ikusonyeza mmene anthu adawaonera awiriwa: wina adabwerera n'kusunga pakamwa pake, wina adalankhula akadali mkati. Mibadwo yotsatira idagawikana. Jalal al-Din Rumi, amene adamwalira ku Konya m'chaka cha 1273, adaona mawu a al-Hallaj ngati kudzichepetsa kotheratu kwa munthu amene sadadzisiyire kanthu, ndipo adawasiyanitsa ndi mawu a Farao. Ibn Taymiyya adagamula kuti al-Hallaj adaphedwa mwachilungamo.

Galasi ndi nkhope

Pakati pa mbali ziwirizi padalowa anthu awiri oganiza mozama. Woyamba adali Ibn Sina, sing'anga ndi katswiri wa nzeru zakuya, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 980 mpaka 1037. Iye adapempha owerenga ake kuti ayerekeze munthu wolengedwa mwadzidzidzi ali wamkulu kale, akuyandama m'mlengalenga, maso ali ophimbidwa, ziwalo zake zisakukhudzana, osamva phokoso kapena mphepo. Munthu wotereyu sangadziwe kuti ali ndi manja, mtima kapena ubongo, koma sangakayike kuti iye alipo. Ibn Sina adaonjeza kuti ngakhale munthu wogona tulo kapena woledzera sasiyana ndi iye mwini, ngakhale pambuyo pake asakumbukire. Choncho kudzizindikira kuli pansi pa maganizo onse ndiponso pansi pa zonse zimene maso ndi makutu amabweretsa. Maganizo angathe kukhala chete mwini wake osachoka.

Wachiwiri adali Imam Abu Hamid al-Ghazali, wobadwa m'chaka cha 1058. M'chaka cha 1091 adapatsidwa mpando wauphunzitsi pa madrasa ya Nizamiyya ku Baghdad, ndipo m'chaka cha 1095 adausiya atazindikira kuti ankaphunzitsa pofuna ulemu wa anthu. Adakhala zaka pafupifupi khumi akudzipatula ku Damascus, ku Jerusalem, ku Makka ndi kwawo ku Tus. M'buku lake lotchedwa Mishkat al-Anwar adakamba za al-Hallaj ndi al-Bistami. Adavomereza kuti odziwa Allah amafikadi pamalo pamene saona china chilichonse, ngakhale iwo eni. Koma adati kuledzerako kukachepa ndipo nzeru ikabwerera, iwo amazindikira kuti chidachitikacho chidangofanana ndi kukhala chinthu chimodzi ndi Allah. Adapereka fanizo la munthu amene sadaonepo galasi chibadwire. Akaliyang'ana koyamba amaganiza kuti nkhope imene akuiona ndi galasilo n'chimodzi. Nkhope ikuonekadi, galasi silikuoneka, koma galasi likadali galasi. N'chifukwa chake al-Ghazali adalangiza kuti mawu a okonda olankhulidwa m'kuledzera kotere azibisidwa, asamalalikidwe. M'buku lake lina, al-Munqidh min al-Dalal, adanenetsa kuti amene amaganiza kuti Allah walowa mwa iwo, kapena kuti asanduka chimodzi ndi Iye, alakwitsa.

Ibn Arabi ndi umodzi wa kukhalapo

Kufikira apa funso lidali pa zimene kapolo amamva. Amene adalitengera pa chilengedwe chonse adali Muhyi al-Din Ibn Arabi, wobadwira ku Murcia, ku Spain ya Asilamu, m'chaka cha 1165. Akadali mnyamata adakumana ndi Ibn Rushd ku Córdoba. M'chaka cha 1202 adafika ku Makka, komwe adayamba kulemba buku lake lalikulu, al-Futuhat al-Makkiyya, la mitu 560. Pambuyo pake adakhazikika ku Damascus, komwe adalemba Fusus al-Hikam m'chaka cha 1229, ndipo adamwalira komweko m'chaka cha 1240.

Chiphunzitso chake chidali chakuti kukhalapo kwenikweni n'kwa Allah yekha. Zolengedwa zilibe kukhalapo kwawokwawo, n'kobwereka, monga chithunzithunzi chimadalira mwini wake. Chilichonse cha m'dziko chimaonetsa mayina a Allah, ndipo chilengedwe chimalengedwa mwatsopano mphindi iliyonse, mofulumira kwambiri moti maso amaona ngati n'chimodzimodzi. Ngati zili choncho, nanga chimene chimachititsa kuti munthu wa dzulo akhale yemweyo wa lero n'chiyani? Ibn Arabi adayankha kuti munthu aliyense ali ndi chenicheni chake chokhazikika m'kudziwa kwa Allah kuyambira kale lomwe. Umwini wa munthu sugona m'maganizo ake osinthasintha kapena m'thupi lake lokalamba. Ugona pa mmene Mbuye wake amamudziwira.

Ophunzira a m'banja la chiphunzitso chake, kuyambira kwa Sadr al-Din al-Qunawi amene adamwalira ku Konya m'chaka cha 1274, adachikonza mwadongosolo, ndipo pambuyo pake chidadziwika ndi dzina lakuti wahdat al-wujud, umodzi wa kukhalapo. Mawu amenewa sapezeka m'mabuku a Ibn Arabi mwini. Ndiponso iye ankabwerezabwereza kuti ulemerero waukulu wa munthu ndi ukapolo wake kwa Allah, ndipo mu al-Futuhat adalemba mitu italiitali ya wudhu, swala, zakaat, kusala ndi Hajj.

Ngakhale zidali choncho, Ibn Taymiyya, amene adabadwa m'chaka cha 1263 ndipo adamwalira ali m'ndende ku Damascus m'chaka cha 1328, adaona ngozi yaikulu. Adavomereza kuti poyamba adapindulapo ndi zolemba za Ibn Arabi, koma atawerenga Fusus al-Hikam adasintha maganizo. Ngati kukhalapo n'kumodzi, wopembedza fano akusiyana bwanji ndi wopembedza Allah? Lamulo likuperekedwa kwa yani, ndipo wolakwa ndani? Chidamukwiyitsa kwambiri n'chakuti m'bukulo Ibn Arabi adalemba kuti Farao adafa ali wokhulupirira. Komabe Ibn Taymiyya sadakane fana yonse. Adaigawa patatu. Yoyamba ndi kusafuna china chilichonse koma chimene Allah akufuna, ndipo imeneyi ndi ya Aneneri. Yachiwiri ndi kusaona china chilichonse chifukwa mtima wadzazidwa, ndipo mwini wake angakhululukidwe ngakhale kuti ndi kufooka. Yachitatu ndi kunena kuti china chilichonse kulibe, kuti cholengedwa ndi Mlengi n'chimodzi, ndipo imeneyi adaitcha kusokera.

Dzuwa ndi nyenyezi

Zolemba za Ibn Arabi zidafala kwambiri ku India, komwe Asilamu ankakhala moyandikana ndi Ahindu. Pakati pa Ahindu padali kale chiphunzitso cha Advaita, chimene Shankara adachikhazikitsa cha m'zaka za m'ma 700, chonena kuti mwini weniweni wa mkati mwa munthu ndi Brahman, gwero la zonse, n'chimodzi, ndipo kudziona wosiyana n'kusazindikira. Ena adaona kuti ziphunzitso ziwirizi n'zapachibale. Mwana wa mfumu Shah Jahan, Dara Shukoh, adalemba Majma' al-Bahrayn m'chaka cha 1655 pofanizira ziwirizi, ndipo m'chaka cha 1657 adatsogolera ntchito yomasulira mabuku a Upanishad pafupifupi 50 m'Chiperisiya. Atagonja pankhondo yolimbirana ufumu, m'bale wake Aurangzeb adamupha m'chaka cha 1659 pa mlandu wotuluka m'Chisilamu.

Dara asadalembe zimenezi, yankho lina lidali litaperekedwa kale ndi Sheikh Ahmad Sirhindi, wobadwa m'chaka cha 1564 ku Sirhind m'dera la Punjab. Adalowa njira ya Naqshbandi kwa Khwaja Baqi Billah ku Delhi. M'makalata ake oposa 500, osonkhanitsidwa m'mabuku atatu otchedwa Maktubat, adafotokoza kuti iyenso poyamba ankakhulupirira umodzi wa kukhalapo, ndipo adaulawa yekha m'zikiri. Pambuyo pake adafika poona zolengedwa ngati chithunzithunzi chabe, kenako adafika pa ukapolo, pamene kudamuonekera poyera kuti Allah ndi wosiyana kotheratu ndi zolengedwa zake.

Fanizo lake lidali la dzuwa. Munthu woyang'ana kumwamba masana saona nyenyezi. Akanena kuti sakuona china koma dzuwa, wanena zoona. Akanena kuti nyenyezi kulibe, walakwa, pakuti zilipo ndithu, kungoti kuwala kwazibisa. Umodzi umene Msufi amauona uli m'kapenyedwe kake, ndipo chiphunzitso chimenechi chidadziwika ndi dzina lakuti wahdat al-shuhud, umodzi wa kupenya. Mwa njira imeneyi Sirhindi adatha kulemekeza al-Hallaj ndi Ibn Arabi ngati anthu oona mtima, uku akukana kuti zimene adaona zisanduke chikhulupiriro cha anthu onse. Iyenso mawu ake adamuika m'mavuto. M'chaka cha 1619 mfumu Jahangir idamutsekera m'linga la Gwalior pafupifupi chaka chathunthu, atanenedwa kuti m'kalata ina adadzikweza kuposa Maswahaba. Adamwalira m'chaka cha 1624. Zaka zoposa 100 pambuyo pake, Shah Waliullah wa ku Delhi, amene adamwalira m'chaka cha 1762, adayesa kugwirizanitsa mbali ziwirizi ponena kuti kusiyana kwake kwakukulu kuli pa kasankhidwe ka mawu.

Moto wa ku Aceh

Amalonda ndi ophunzira oyenda panyanja ya Indian adatengera mkanganowu kum'mawa, ku Aceh. Kumeneko Hamzah Fansuri adali atalemba za umodzi wa kukhalapo m'chinenero cha Chimalay, ndipo Shams al-Din al-Sumatra'i, amene adamwalira m'chaka cha 1630, adali mlangizi wamkulu wa Sultan Iskandar Muda. M'chaka cha 1637 kudafika Nur al-Din al-Raniri wochokera ku Gujarat, ndipo Sultan watsopano, Iskandar Thani, adamupatsa udindo waukulu wachipembedzo. Al-Raniri adagamula kuti otsatira Hamzah ndi Shams al-Din ndi osokera. Mabuku awo adatenthedwa patsogolo pa mzikiti waukulu wa Baiturrahman, ndipo ena okana kusiya chiphunzitsocho adaphedwa. Al-Raniri mwiniyo ankawerenga ndi kulemekeza Ibn Arabi. Mlandu wake udali wakuti anthuwo adamumva molakwa. Mphepo ya ndale itatembenuka, iye adachoka ku Aceh m'chaka cha 1644.

Amene adaziziritsa mitima adali Abd al-Ra'uf al-Singkili, yemwe adaphunzira zaka zambiri ku Arabia, kuphatikizapo kwa Ibrahim al-Kurani wa ku Madina. Al-Kurani adalemba buku lotchedwa Ithaf al-Dhaki poyankha mafunso a Asilamu a kuzilumbazo, ndipo adafotokoza kuti kuzama m'tauhid sikuchotsa lamulo lililonse la Shariah. Abd al-Ra'uf atabwerera kwawo adaphunzitsa kuti dziko lili ngati chithunzithunzi chimene sichingakhale mwini wake, ndipo adachenjeza anthu za kuopsa kotcha Msilamu mnzawo kafiri.

Chotsala m'manja mwathu

Tikaiyang'ana mbiri yonseyi, tikuona kuti anthu amene ankatsutsana kwambiri adagwirizana pa zinthu zingapo. Onse adavomereza kuti munthu ndi woposa maganizo odutsa m'mutu mwake, ndipo kuti "ine" wodzitama ndi chotchinga chachikulu pakati pa kapolo ndi Mbuye wake. Onse, ngakhale Ibn Taymiyya, adavomereza kuti mtima ungadzazidwe ndi kukumbukira Allah mpaka munthu kudziiwala. Adasiyana pa tanthauzo la kudziiwalako, ndipo ambiri mwa iwo, kuyambira al-Junayd mpaka Sirhindi, adaima pa mfundo yakuti chimene chimazimirira ndi kudziona kwa kapolo, pomwe kapoloyo amakhalapobe, ndi dzina lake, ngongole zake ndi swala zake zisanu. Mtumiki (Madalitso ndi Mtendere zikhale pa iye) adayandikitsidwa kwa Allah pa usiku wa Mi'raj kuposa cholengedwa china chilichonse. Surah al-Isra ikamakamba za ulendo wa usiku umenewo imamutcha kapolo, ndipo iye adabwerera kwa anthu ake atanyamula lamulo la swala.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Njira ya Qadiriyya, yodziwika ndi dzina la Sheikh Abd al-Qadir al-Jilani amene adamwalira ku Baghdad m'chaka cha 1166, imatchula al-Junayd m'mndandanda wa aphunzitsi ake. Njira imeneyi idafala kugombe la kum'mawa kwa Africa kudzera mwa Sheikh Uways al-Barawi, yemwe adamwalira m'chaka cha 1909, ndipo kuchokera ku Zanzibar idafika kumadera a kunyanja ya Malawi, komwe sikiri ikuchitikabe mpaka lero. Pakati pathu alipo amene amaikonda, aliponso amene amaitsutsa. Mbali zonse ziwiri zingaphunzirepo kanthu pa zaka mazana amenewa. Wobwereza mawu a al-Hallaj asadalawe chimene iye adalawa akumbukire kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Wofulumira kutcha mnzake kafiri akumbukire mabuku amene adapsa ku Aceh ndi anthu amene adafa nawo. Ndipo amene mtima wake wakwezedwa m'zikiri mpaka kudziiwala ali ndi muyeso umene al-Junayd adausiya: adziyang'ane mawa lake m'mawa ngati wadzuka pa swala ya Fajr, ngati wabweza cha mwini, ndiponso ngati a m'nyumba mwake akumupeza wofatsa kuposa dzulo. Allah ndiye Wodziwa koposa.